Mutu 7: Makoma Olankhula Pansi pa Mzinda

Mukafika ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, n'kufunsa komwe mungakaone ntchito za akatswiri ojambula, ena adzakulozerani nyumba zikuluzikulu zosungiramo zithunzi. Koma ena adzangokuuzani kuti mugule tikiti ya sitima n'kutsikira pansi. Sitima zake si ngati ija yochoka ku Limbe kupita ku Balaka, yomwe mumaionera patali ikubwera. Izi zikalowa pakati pa mzinda zimamira m'nthaka n'kumayenda kunsi kwa nyumba, misewu ndi matchalitchi, kenako n'kukatulukira kunja kwa tauni.

Pa siteshoni yaikulu ya T-Centralen, masitepe oyenda okha amakutsitsani, n'kukutsitsaninso, mpaka mumazindikira kuti mwalowa m'phanga. Ndi phangadi. Thanthwe analiswa ndi mabomba koma sanalisalaze. Anangolipopera konkire n'kulisiya ndi mabampu ake onse. Pamenepo ndi pomwe Per Olof Ultvedt anapaka penti yoyera ndi yabuluu mu 1975: masamba akuluakulu oyanga kuchoka pansi kukakumana kudenga, monga amachitira mnkhwani ukapeza nkhokwe. Mukapita patsogolo pang'ono mupeza zithunzithunzi za anthu atanyamula zida, ena atakwera pa makwerero. Ndi amisiri omwe anakumba ndi kumanga siteshoniyo: ophwanya miyala, owotcherera zitsulo, akalipentala. Nthawi zambiri nyumba ikatha, pakhoma pamakhomedwa dzina la nduna yomwe inadzadula riboni. Ultvedt anaikapo anthu omwe anameza fumbi lake.

Njanji za sitimazi ndi zotalika makilomita pafupifupi 110, ndipo masiteshoni alipo 100. Oposa 90 mwa iwo ali ndi zojambula, zosema kapena zoumba, ntchito ya manja a anthu aluso pafupifupi 150. N'chifukwa chake eni mzindawo amanyadira kuti ali ndi malo oonetsera zaluso otalika kuposa ena onse padziko lapansi. Khomo lake ndi lomwelo lolowera wopita ku ntchito, ndipo mtengo wake ndi tikiti ya ulendo basi.

Wina angafunse kuti ndalama zonsezi n'kuzitayira pansi pa nthaka chifukwa chiyani. Yankho loyamba si lokhudza kukongola ayi. Pamtunda munthu sasochera msanga, chifukwa amaona dzuwa, phiri, mtengo wa mlambe kapena sitolo yopaka zofiira. Pansi palibe chilichonse cha izi. Siteshoni iliyonse ndi khoma, nyali ndi njanji, ndipo wotopa yemwe wasinza m'sitima akadzidzimuka sadziwa pomwe wafika. Chojambula chimapatsa siteshoni nkhope. Ku Mexico City, komwe sitima zapansi zinayamba mu 1969, Lance Wyman ndi anzake anapatsa siteshoni iliyonse chizindikiro chakechake kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga atsike pamalo oyenera. Chapultepec ndi chiwala. Candelaria ndi bakha. Mwana wamng'ono amatha kuuza agogo ake kuti tafika.

Koma nkhani siithera pamenepo. Khoma lomwe anthu zikwizikwi amaliyang'ana tsiku ndi tsiku podikira sitima silingakhale lopanda mwini. Mukalisiya lopanda kanthu, amalitenga ndi otsatsa malonda. Boma likalitenga, limalankhulirapo zake. Funso lenileni ndi lakuti: pakhomapo alankhule ndani, ndipo auze anthu chiyani?

Nyumba zachifumu za ku Moscow

Oyamba kuyankha funsoli mwamphamvu anali a ku Moscow. Sitima zawo zapansi zinatsegulidwa mu 1935, pansi pa ulamuliro wa Stalin, ndipo boma linafuna kuti masiteshoni akhale ngati nyumba zachifumu, koma zolowamo anthu wamba. Anagwiritsa ntchito miyala ya mabo, mkuwa ndi nyali zolendewera zonga za m'matchalitchi akuluakulu.

Siteshoni ya Mayakovskaya, yomwe inatsegulidwa mu 1938, ili mamita oposa 30 pansi pa msewu, koma mukayang'ana kudenga mumaona thambo. Wojambula Alexander Deyneka anakonza zithunzi zokhala m'timaenje tozungulira m'denga lonselo: ndege zikudutsa, anthu akutsika ndi maparachuti, nthambi za zipatso, othamanga akudumpha. Lero zilipo 34. Si za penti, koma za mozeiki, kutanthauza tizidutswa ta galasi la mitundumitundu tomatidwa kamodzikamodzi mpaka chithunzi chitatuluka. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika, anthu ankagona pansi pa thambo lagalasili pothawa mabomba a ndege za Germany, ndipo pa 6 Novembala 1941 Stalin anachititsira msonkhano waukulu mu siteshoni yomweyi.

Dzina la Deyneka limatchulidwa kawirikawiri. Lomwe liyenera kutchulidwa pambali pake ndi la Vladimir Frolov. Deyneka ankajambula papepala, koma womata tizidutswa tija anali Frolov ndi anthu ake, mu shedi yawo ku Leningrad. Pamene asilikali a Germany anazinga mzindawo mu 1941 n'kutseka njira zonse za chakudya, Frolov, yemwe anali atakalamba kale, anali ndi zithunzi zina za Deyneka zoti zipite ku Moscow. Anazigwirabe ntchito m'nyengo yozizira koopsa, m'mimba muli pululu. Zithunzizo zinatuluka mumzindamo kudzera pa nyanja ya Ladoga, njira yokhayo yomwe inatsala. Iye sanatuluke. Anamwalira ndi njala kumayambiriro kwa 1942. Chaka chotsatira zithunzi zake zinaikidwa kudenga la siteshoni ya Novokuznetskaya, ndipo zikadalipo: kumwamba kowala, anthu athanzi, zipatso zochuluka. Ine ndikaganiza za manja omwe anamata zipatso zimenezo, sindithanso kuziona ngati zokongoletsa chabe.

Komabe mawu a pamakoma a ku Moscow anali a boma. Ankauza wokwera sitima kuti dziko lake ndi lamphamvu ndipo atsogoleri ake salakwa. Stalin atamwalira mu 1953 n'kuyamba kudzudzulidwa, amisiri anatumidwa kukagamula nkhope yake pa zithunzi zingapo n'kumatapo zina. Anthu wamba nawo anadzipezera njira yawo yolandirira zinthuzi. Pa siteshoni ya Ploshchad Revolyutsii pali ziboliboli zamkuwa 76 za Matvey Manizer, ndipo china ndi cha msilikali wolondera malire ali ndi galu wake. Ophunzira opita kukalemba mayeso amasisita mphuno ya galuyo kuti awapatse mwayi. Mkuwa wonse unada, koma mphuno ija imanyezimira ngati golide. Palibe nduna yomwe inalamula zimenezo.

Amayi awiri omwe sanatope

Ku Stockholm nkhani inayambira kwina. Sitima zapansi zinatsegulidwa mu 1950, ndipo masiteshoni oyambirira anamatidwa matailosi okhaokha, moti anthu anayamba kuwafanizira ndi mabafa. Amayi awiri ojambula, Siri Derkert ndi Vera Nilsson, onse obadwa mu 1888, sanakhutire nazo. Mfundo yawo inali yosavuta kumva. Zojambula zinkakhala m'nyumba za olemera ndi m'malo omwe wogwira ntchito m'fakitale sankapondako. Ngati munthu wotereyu sangapite komwe kuli zojambula, zojambulazo zimutsatire komwe amadutsa m'mawa ndi madzulo. Iwo ndi anzawo ena aluso anakakamira mpaka nkhaniyi inalowa mu khonsolo ya mzinda mu 1955. Chaka chotsatira panachitika mpikisano, ndipo T-Centralen itatsegulidwa mu 1957 inali ndi ntchito za ojambula angapo.

Nilsson anakuta mzati umodzi ndi mozeiki wokumbukira Klara, dera lakale la pakati pa mzinda lomwe nthawi imeneyo linkagwetsedwa kuti pamangidwe maofesi. Derkert anagoba mzati wina wa konkire n'kuudzaza ndi amayi ali pa ntchito zawo. Koma ntchito yake yaikulu inali isanafike.

Derkert anaphunzira zojambula ku Paris ali mtsikana, ndipo kwa zaka zambiri ankapeza chakudya cha ana ake pojambula masitayelo a zovala. Dziko lake linachedwa kumuzindikira. Mu 1960, ali ndi zaka zoposa 70, anakhala mayi woyamba kupatsidwa chionetsero chakechake ku Moderna Museet, nyumba yaikulu ya zojambula zamakono ku Stockholm. Pa msinkhu umenewo ambiri amakhala atapachika zida. Iye anapambana mpikisano wokongoletsa siteshoni yonse ya Östermalmstorg, dera la anthu opeza bwino kwambiri mumzindamo.

Njira yomwe anasankha inali yowawa. Makoma a mbali zonse ziwiri za njanji anawaumba ndi konkire yoyererako pamwamba, mkati mwake muli timiyala takuda. Kuti mzere uoneke, pankafunika kupopera mchenga ndi mphamvu ya mpweya kudzera mu paipi, mchengawo n'kumadya konkire mpaka timiyala takuda tija titatulukira. Mukalakwitsa palibe chofufutira. Phokoso, fumbi ndi kuzizira kwa pansi pa thanthwe zinali za tsiku ndi tsiku, ndipo gogoyu ankatsikira komweko pamodzi ndi amisiri omuthandiza. Siteshoniyo inatsegulidwa mu 1965, iye ali ndi zaka 76.

Chomwe chili pamakomawo si maluwa. Ndi mizere yokandakanda ngati ya munthu wolemba pansi ndi kamtengo: nkhope, manja, anthu akuimba, ana, ndi mayina. Pali Elin Wägner, mlembi wa ku Sweden yemwe anamenyera ufulu wa amayi woponya voti. Pali Simone de Beauvoir wa ku France. Pali Rachel Carson wa ku America, yemwe mu 1962 anachenjeza dziko kuti mankhwala ophera tizilombo m'minda akupha mbalame ndi nsomba, ndipo akulowa m'matupi a anthu. Pali manotsi a nyimbo za omenyera ufulu, ndi mawu oti mtendere olembedwa m'zilankhulo zambiri. Inali nthawi yomwe America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi mabomba a nyukiliya, ndipo siteshoni yakuyayi inkawerengedwa ngati pothawira anthu nkhondo itabuka. Derkert anadziwa kuti makoma akewo akhoza kudzakhala chinthu chomaliza chomwe anthu ena adzaone, ndipo anasankha kulembapo mtendere.

Si onse anakondwera. Ena ankati zikufanana ndi zolembalemba za ana osamva pakhoma la mwini. Kunena zoona, amene wazolowera golide wa ku Moscow akhoza kudutsa pa Östermalmstorg osaona kanthu, chifukwa palibe mtundu wokopa maso. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaphonya sitima imodzi mwadala n'kuyenda pulatifomu yonse, mumamva kuti akukulankhulani ndi munthu mmodzi, wokwiya ndi wachikondi nthawi imodzi, osati komiti. Uku ndiye kusiyana kwa Stockholm ndi Moscow. Ndalama zinachokera ku boma konsekonse, koma kuno boma linalipira khoma n'kulola nzika kulankhulapo zakukhosi. Derkert anamwalira mu 1973.

Mapanga

M'zaka za m'ma 1970 mainjiniya anapeza kuti kupopera konkire pathanthwe n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumanga makoma owongoka mkati mwa phanga. Panali mantha akuti anthu azidzamva ngati atsikira kumanda. Apa ndi pomwe ojambula anasiya kukhala oitanidwa pamapeto kudzapachika chithunzi. Anayamba kukhala pa tebulo limodzi ndi omanga kuyambira pachiyambi, n'kupatsidwa phanga lonse. Pa Stadion, mu 1973, Enno Hallek ndi Åke Pallarp anapaka phanga buluu wa kumwamba n'kukhoteza utawaleza pakati pake, pafupi ndi bwalo lomwe linachitikira masewera a Olimpiki a 1912.

Koposa onse kwa ine ndi Solna Centrum, ya 1975. Anders Åberg ndi Karl-Olov Björk anapaka denga lonse kufiira kwa moto, ndipo m'munsi mwake anayala nkhalango yobiriwira yotalika pafupifupi kilomita imodzi mukaphatikiza makoma onse. Atamaliza anaona kuti nkhalangoyo ili zii, ndiye anayamba kuwonjezera timitu tankhani apa ndi apo. Pena mitengo yagwetsedwa yonse. Pena fakitale ikutaya zoipa. Pena mudzi ukutha chifukwa achinyamata apita kutauni. Zaka zimenezo midzi ya kumpoto kwa Sweden inkakhuthukira m'mizinda, ndipo ambiri mwa oima pa pulatifomu imeneyo anali omwewo osiya kwawo. Wowerenga yemwe anaonapo phiri la kwawo likumetedwa mpala ndi owotcha makala, kapena mudzi womwe anyamata ake onse ali ku Joni, sangavutike kumva zomwe khomali likunena.

Chaka chomwecho ku Tensta, dera la nyumba zosanjikizana komwe kunkafikira anthu ochokera m'mayiko ena, Helga Henschen anadzaza phanga loyera ndi nyama, mbalame ndi maluwa amitundu yowala, n'kulembapo mawu a ubale m'zilankhulo za alendowo. Ntchitoyo anaitcha duwa la kwa obwera. Munthu wothawa nkhondo kwawo ankatsika sitima n'kupeza chilankhulo cha amayi ake pakhoma.

Mwambo wolankhula zosautsa ena sunathe. Mu 2017 pa siteshoni ya Slussen panaikidwa kwa kanthawi zojambula za Liv Strömquist zoonetsa amayi osewera pa ayezi ali kumwezi, magazi akuonekera pa zovala. Madandaulo anabwera ambiri, ena akuti ana sayenera kuona zotere. Ena anayankha kuti theka la okwera sitimayo amadziwa bwino lomwe chomwe chajambulidwacho. Mkanganowo unali womwe uja Derkert anauyamba.

Fumbi, zala ndi nyundo

Siteshoni si malo ochitira chifundo chojambula. Muli chinyezi, fumbi lachitsulo lochoka ku mabuleki, kugwedezeka kosatha, zala za anthu mamiliyoni ndi madzi a otsuka usiku. N'chifukwa chake zambiri zimapangidwa ndi matailosi, galasi, mkuwa ndi konkire, ndipo kumbuyo kwa dzina lililonse lotchuka kuli a Frolov ena. Zithunzi zambiri za mu masiteshoni a New York zinamatidwa ndi amisiri a kampani ya Franz Mayer ku Munich. Ku Naples, pa siteshoni ya Toledo yomwe inatsegulidwa mu 2012, mdipiti wa anthu wojambulidwa ndi William Kentridge wa ku Johannesburg unasandutsidwa mozeiki ndi amisiri a ku Italy.

Ngakhale zolimba chotere zimatha kugwa, ndipo chozigwetsa nthawi zambiri ndi chitukuko chomwe. Ku London, Eduardo Paolozzi anakuta siteshoni ya Tottenham Court Road ndi mozeiki wamitundu yambiri womwe unatha mu 1986. Pokulitsa siteshoniyo mu 2015, mbali yomwe inali pamwamba pa masitepe oyenda okha inagumulidwa. Anthu anakwiya kwambiri. Zambiri zinasungidwa n'kukonzedwanso, koma zidutswa za mbali yogumulidwayo zinatumizidwa ku yunivesite ya ku Edinburgh, kwawo kwa wojambulayo.

Ndiye pali amene sanadikire mpikisano kapena chilolezo. Mu 1980 mnyamata wina ku New York, Keith Haring, anaona kuti malo otsatsirapo malonda akakhala opanda wolipira, ankamatapo pepala lakuda. Anagula choko choyera. Kwa zaka zisanu ankatsika sitima, kujambula mofulumira mwana wokwawa wowala ngati dzuwa kapena galu wouwa, n'kukwera sitima yotsatira. Anajambula zikwi zingapo, ndipo apolisi anamugwirapo kangapo. Anthu ankaima n'kumamufunsa tanthauzo lake, iye n'kuwabwezera funso. Anasiya mu 1985, pamene dzina lake linali litakula moti ena ankamatula mapepalawo choko chisanakhazikike kuti akagulitse. Chaka chomwecho bungwe loyendetsa sitima za mumzindamo linakhazikitsa nthambi yolemba ntchito ojambula. Kudzera mu nthambi imeneyi, mu 1996 Faith Ringgold anaika pa siteshoni ya 125th Street ngwazi za anthu akuda a ku Harlem zikuuluka pamwamba pa nyumba za dera lawo.

Chitsa cha konkire

Imodzi mwa masiteshoni akuya kwambiri ku Stockholm ndi Kungsträdgården, pansi pa paki yakale ya mafumu. Pokonza mapulani ake, akuluakulu a mzinda anagamula kuti mitengo 13 ikuluikulu ya mtundu wa elm idulidwe kuti pakhale khomo lolowera. Usiku wa pa 11 Meyi 1971 odula anabwera ndi macheka a injini, apolisi okwera pa akavalo atawaperekeza. Anapeza anthu atazungulira mitengoyo, ena atakwera m'nthambi. Macheka analuma makungwa koma sanapitirire. Khonsolo inagonja, khomo linasamutsidwira kwina, ndipo mitengo inatsala ndi zipsera zake.

Siteshoniyo itatsegulidwa mu 1977, wojambula Ulrik Samuelson anali ataisandutsa munda wokwiririka. Pansi ndi kudenga pali zobiriwira, zofiira ndi zoyera. M'mbali mwa njira muli zipilala zothyoka ndi ziboliboli zokumbutsa Makalös, nyumba yachifumu yomwe inali pamwamba pomwepo mpaka inapsa mu 1825. Pakati pa zonsezi anaikapo chitsa cha mtengo wa elm choumbidwa ndi konkire, chokumbutsa mzinda zomwe unatsala pang'ono kuchita.

Malo ena Samuelson anasiya thanthwe lili lamaliseche, lopanda konkire, ndipo madzi amachucha pamenepo chaka chonse. Ndere zinamera. Patapita nthawi akatswiri a zamoyo anapezamo kangaude kakang'ono kotchedwa Lessertia dentichelis, kokonda kukhala m'mapanga ndi m'migodi, kamene kumpoto kwa Ulaya n'kosowa kwambiri. Kamaluka ukonde wake m'ming'alu ya khoma, mamita ochepa kuchoka pomwe anthu amaima kudikira sitima yopita ku Tensta.